Mafunso ndi mayankho: kufufuza mmene zomera zimakhalirana ndi malo omwe zamera

Mafunso ali m'munsimu ndi amene amabwera kawirikawiri kuchokera kwa ophunzira a sekondale ndi a kukoleji, alangizi a zaulimi, mamembala a makomiti oyang'anira nkhalango za m'midzi komanso alimi ofuna kuyesa zinthu m'minda yawo. Tayambira pa osavuta, kenako talowa m'kayezedwe ndi m'zitsanzo za kuno kwathu.

Kodi phunziro limeneli limafufuza chiyani kwenikweni?

Limafufuza chifukwa chimene chomera chamerera pamene chamerapo osati pena, zimene chimatenga pamalopo, ndi zimene chimasintha. Tsanya ndi wochuluka ku Liwonde koma simungamupeze pamwamba pa phiri la Zomba, ngakhale malo awiriwa ali pafupi. Dambo limakhala la udzu wokhawokha pomwe kumtunda kwake kuli mitengo. Pachulu pamamera mitengo yosiyana ndi ya pansi pake. Zonsezi zili ndi zifukwa zoyezeka.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Malo amaumba chomera kudzera m'mvula, dothi, kutentha, moto ndi nyama. Nacho chomera chimaumba malo: chimapereka mthunzi, chimagwetsa masamba, chimamwa madzi, chimagwira dothi ndi mizu. Ofufuza ambiri oyamba kumene amaona mbali yoyamba yokha.

Ndi zinthu ziti zimene zimalamula zomera za dera lina lake m'Malawi?

Choyamba ndi kukwera kwa malo. Mukakwera mamita 100, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 0.6. Ku Nsanje kuli pansi kwambiri, osafika mamita 100 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002. Dziko laling'ono ngati lino kukhala ndi mitundu ya zomera pafupifupi 6,000, gwero lake lalikulu ndi kusiyana kumeneku.

Chachiwiri ndi mvula, koma osati kuchuluka kwake kokha. Kutalika kwa chilimwe n'kofunika kwambiri. Madera a Thyolo ndi Mulanje amalandira chiperoni m'miyezi yozizira, ndiye mitengo yosayoyola masamba ndi tiyi zimapirira. Kuchigwa cha Shire miyezi youma ndi yambiri, choncho kumapambana mitengo yosunga madzi ngati mlambe ndi yopirira dothi lolimba ngati tsanya.

Kenako pali dothi, madzi a pansi, moto, chiswe, ziweto ndi nkhwangwa. M'madera ambiri lero nkhwangwa ndi moto zikulamula kuposa mvula, ndipo wofufuza amene safunsa mbiri ya malo kwa anthu akuderalo amalakwitsa pomasulira zomwe wapeza.

Akuluakulu amati ungadziwe nthaka poona zomera. Kodi n'zoona?

N'zoona ndithu, ngakhale si lamulo losaphonya. Mthethe umakonda dothi lachonde la m'zigwa. Msuku umachuluka pa dothi losaya, lamiyala kapena lamchenga. Katope, bango ndi gumbwa zimasonyeza madzi apafupi. Bonongwe wonenepa amasonyeza pamene panali khola kapena dzala. Kaufiti wambiri amasonyeza munda woguga.

Chenjezo lake ndi ili: kupezeka kwa chomera kumanena zambiri, koma kusapezeka kwake sikunena kanthu kotsimikizika. Mwina chinadulidwa, mwina mbuzi zinadya mbande zake, mwina njere zake sizinafikepo. Mtengo waukulu umanenanso za mmene malo analili pamene unkamera zaka makumi angapo zapitazo, osati za lero. Ngati mukufuna za lero, yang'anani mbande ndi udzu.

Ndikufuna kuyamba kafukufuku wanga. Ndiyambire pati, ndipo ndifunika zipangizo zanji?

Yambani ndi funso limodzi lofanizira zinthu ziwiri. "Ndikufuna kuphunzira za nkhalango ya kwathu" si funso. "Kodi mphukira n'zambiri mbali imene imapsa chaka chilichonse kapena mbali ya kumanda imene sipsa?" limenelo ndi funso, chifukwa likukuuzani chowerenga ndi kokawerenga.

Zipangizo zoyambira n'zotsika mtengo: tepi yoyezera ya mamita 30 kapena chingwe chosatamuka chomwe mwaikamo mfundo pa mita iliyonse, tepi ya telala, zikhomo, khasu, rula, mapepala apulasitiki, nyuzipepala zakale, kope lachikuto cholimba ndi pensulo. Bolopeni imafufutika ikanyowa. Foni imathandiza kujambula ndi kusunga manambala a malo a GPS, koma zolemba zenizeni zikhale m'kope.

Kodi kandime koyezera kakhale kakakulu bwanji, ndipo ndikaike pati?

Kukula kwake kumatengera zomera zomwe mukuwerenga. Pa udzu, zitsamba zazing'ono ndi mbande, mita imodzi mbali zonse n'kokwanira. Pa zitsamba zazikulu ndi mphukira, mamita 5 mbali zonse. Pa mitengo ya m'nkhalango ya miombo, mamita 20 mbali zonse. Ndime yotereyi ndi masikweya mita 400, choncho mukachulukitsa chiwerengero chanu ndi 25 mupeza mitengo ya pa hekitala. Mukawerenga mitengo 18, ndiye kuti ndi 450 pa hekitala.

Kuti ngodya ziwongoke, yezani mamita 3 mbali imodzi ndi mamita 4 mbali inayo. Pakati pa nsonga ziwirizo pakhale mamita 5. Mukamaliza kukhoma zikhomo zinayi, yezani mopingasa kuchokera ngodya ina kufika ina: pakhale mamita 28.3. Ngati pasiyana kwambiri, ndime yanu yapendekeka ndipo kukula kwake sikulinso 400.

Za malo oika ndime, apa ndi pamene kafukufuku wambiri amafera. Maso amakokera munthu pamalo okongola kapena osavuta kufikapo, ndipo miyendo imapewa minga. Mukasankha ndi maso, mwayeza zokonda zanu osati nkhalango. Njira yosavuta ndi kulemba manambala patimapepala, kutiika m'chipewa, n'kutola tiwiri: kena kakhale masitepe oyenda molunjika, kena masitepe okhotera kumbali. Pamene mwafika, ikani ndime, ngakhale pakhale pachitsamba chaminga. Kuponya mwala kumbuyo sikuthandiza kwenikweni, chifukwa dzanja nalo limasankha.

Ngati mukufufuza kusintha kwa zomera kuchokera malo ena kupita ena, monga kuchokera pakati pa dambo kukwera kumtunda, tambasulani chingwe chachitali n'kumaika kandime pa mamita 10 alionse. Pa zomera zogwera pamzere wa malire, gwirizanani lamulo musanayambe: za pamzere wa kumpoto ndi wa kum'mawa muziwerenga, za kummwera ndi kumadzulo muzizisiya. Udzu woyanga ngati kapinga suwerengeka umodziumodzi. Lembani gawo la ndime limene waphimba, monga theka kapena kotala.

Mtengo umayezedwa bwanji?

Thunthu limayezedwa pa mamita 1.3 kuchokera pansi. Dulani ndodo ya muyezo umenewo kuti musamayerekeze ndi chifuwa chanu, popeza anthu amasiyana msinkhu. Zungulizani tepi, ndipo nambala yomwe mwapeza muigawe ndi 3.14 kuti mupeze kunenepa kwa thunthu modutsa pakati. Tepi ikawerenga masentimita 94, thunthulo ndi la masentimita 30.

Pamalo otsetsereka imani mbali ya kumtunda. Mtengo ukachita mphanda pansi pa mamita 1.3, yezani mathunthu onse padera. Pakakhala chotupa pamalo oyezera, kwezani tepi pang'ono n'kulemba kuti mwatero. Ngati mudzabwerenso kudzayeza kakulidwe, pakani penti pamzere womwe tepi inadutsa ndipo mubwere mwezi womwewo. Mitengo ya miombo imanenepa mamilimita ochepa pachaka, ndipo khungwa limafota m'chilimwe n'kufufuma m'dzinja. Mukayeza mu Febuluwale kenako mu Okutobala, mukhoza kupeza kuti mtengo wachepa.

Zitsa musazidumphe. Lembani kunenepa kwake, ngati chaphuka, ndi mphukira zingati.

Ndime zingati zimakwanira? Bwanji osangoyeza imodzi yabwino?

Chifukwa ndime imodzi imangokuuzani za ndimeyo. Tinene kuti mwathira manyowa kandime kamodzi, kena simunathire, ndipo kothira manyowa kabereka kwambiri. Mwina ndi manyowa. Mwinanso pamalopo panali chulu chakale, kapena madzi amaima pamenepo. Simungasiyanitse. Mukabwereza kanayi kapena kasanu m'malo osiyana a munda, n'kuchita maere posankha kolandira manyowa, mwayi woti chulu chikunamizeni umachepa.

Pali cholakwika china chobisika. Kuyeza mapesi 50 m'kandime kamodzi si kubwereza ka 50; ndi kandime kamodzi koyezedwa mosamala. Chimodzimodzi ndime khumi m'nkhalango imodzi yopsa ndi khumi m'nkhalango imodzi yosapsa: mwafanizira nkhalango ziwiri zokha, ndipo zikhoza kusiyana pa zifukwa zina osati moto. Sikuti zotsatirazo n'zachabe, koma polemba nenani kuti nkhalango ziwirizi zasiyana motere, osati kuti moto umachita zakutizakuti kulikonse.

Nthawi zonse siyani ndime yosachitidwa kanthu yofananitsira. Pofufuza mitundu ya zomera, pitirizani kuwonjezera ndime mpaka zitatu kapena zinayi zotsatizana zisakupatseni mtundu watsopano.

Dothi ndingaliyeze bwanji popanda labotale?

Chotsani zinyalala pamwamba, kumbani masentimita 20, ndipo tengani dothi m'malo 10 mpaka 15 moyenda mokhotakhota. Sakanizani m'ndowa yoyera n'kutapapo theka la kilogalamu. Musasakanize la pachulu, la pamene panaotchedwa makala kapena la m'mphepete mwa njira ndi linalo. Liumitseni pamthunzi.

Kuti mudziwe mtundu wake, thirani dothi m'botolo loonekera mkati mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu, dzazani madzi, onjezani kasupuni ka sopo waufa, n'kukhutchumula kwa mphindi zingapo. Mchenga umakhazikika m'mphindi imodzi, lembani mzere. Dothi losalala lapakati limakhazikika m'maola awiri, lembaninso. Dongo limatenga tsiku kapena masiku awiri. Katondo amavuta pang'ono chifukwa dongo lake limamatana n'kukhala timibulu tooneka ngati mchenga, ndiye mukhutchumule nthawi yaitali. Makande mumawadziwa ndi ming'alu yake ya m'chilimwe.

Asidi wa m'dothi amafuna timapepala toyezera pH (nambala yosonyeza kuchuluka kwa asidi; ikatsika, asidi wachuluka) kapena labotale ngati za ku Chitedze ndi ku Bvumbwe. pH ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amasungunuka n'kufupikitsa mizu ya chimanga, ndipo fosiforasi amagwidwa m'dothi osafika ku mbewu. Tiyi ndi imodzi mwa mbewu zochepa zimene zimasangalala ndi dothi lotero.

Nanga madzi? Kodi bulugamu amaumitsadi zitsime?

Yambani ndi mvula. Chitini chowongoka m'mbali, chopanda khosi, choikidwa pamtetete kutali ndi denga kapena mtengo, chimakwanira. Yezani kuya kwa madzi ndi rula nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse n'kukhuthula. Milimita imodzi ya mvula ndi lita imodzi pa sikweya mita.

Madzi ambiri amene chomera chimamwa sichisunga. Amatuluka ngati nthunzi kudzera m'tizibowo ta pamasamba, tomwe timatseguka kuti mpweya wopangira chakudya ulowe. Kuti muone zimenezi, vekani pepala lapulasitiki loonekera mkati pa nthambi yamasamba, mangani pakamwa, ndipo vekani lina pa nthambi yomwe mwaipulula masamba. Pakatha maola atatu kapena anayi padzuwa, loyambalo lidzakhala ndi madzi. Njirayi ndi yoonetsera chabe, si yoyezera, chifukwa m'pepalamo mumatentha ndi kudzaza chinyezi mosiyana ndi panja.

Bulugamu amakula msanga, sayoyola masamba m'chilimwe ndipo mizu yake imafika pamadzi a pansi, choncho amamwa chaka chonse pamene mitengo yambiri yachilengedwe yapuma. Akadzalidwa wambiri kumutu kwa dambo kapena pafupi ndi kasupe, madzi amachepa. Pamtunda pomwe madzi ali kutali, vuto lake lalikulu ndi kulimbirana chinyezi ndi mbewu zoyandikana naye. Kuti mutsimikize pa chitsime chanu, yezani kuya kwa madzi ndi chingwe mwezi uliwonse, pamodzi ndi mvula, komanso chitsime china chakutali ndi mitengoyo. Popanda chitsime chachiwiricho simungasiyanitse bulugamu ndi chilala.

N'chifukwa chiyani chimanga chimachita bwino pansi pa msangu pomwe pansi pa mitengo ina chimanyozoloka?

Msangu umachita zosemphana ndi mitengo inzake. Umayoyola masamba mvula ikayamba, n'kuphukanso m'chilimwe. Choncho nthawi yolima pansi pake pamafika dzuwa, masamba ogwawo amaola n'kusanduka chakudya cha mbewu, ndipo mtengowo sumwa madzi ambiri pamene chimanga chikuwafuna. Muzu wake waukulu umalowa pansi kwambiri, n'chifukwa chake umakhala wobiriwira mu Okutobala, ndiponso n'chifukwa chake umachuluka m'madera a madzi apafupi monga ku Salima, ku Bwanje ndi ku Karonga.

Komabe wofufuza asathamangire kunena kuti chonde chonse chachokera mumtengo. Ng'ombe ndi mbuzi zimausa pansi pa msangu m'chilimwe, zikudya zipatso zake n'kusiya ndowe. Mbalame zimagona m'nthambi. Ndipo n'kutheka kuti mtengowo unapulumuka pamalopo chifukwa panali pachonde kale. Poyeza, tengani dothi ndi zokolola pa mamita 2 kuchokera pathunthu, pamalire a nthambi, ndi panja penipeni, pa mitengo isanu kapena kuposa, n'kulemba ngati ziweto zimafikapo. Funso la chomwe chinayamba, mtengo kapena chonde, limayankhidwa ndi kudzala misangu pamalo osankhidwa mwamaere n'kudikira zaka, chifukwa msangu waung'ono suonetsa phindu msanga. Pa mayeso otere alangizi ambiri amatalikitsa mitengo mamita 10 mbali zonse, yomwe ndi mitengo 100 pa hekitala.

Timibulu ta kumizu ya soya ndi mtedza ndi matenda?

Ayi. Ndi nyumba za mabakiteriya amene amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, ndipo mbewuyo imawalipira ndi shuga. Kuti muone ngati akugwira ntchito, kumbani mbewu ndi khasu ikayamba maluwa. Musazule, chifukwa timibulu timatsalira m'dothi. Tsukani mizu n'kudula kambulu ndi lezala. Kofiirira mkati kakugwira ntchito. Koyera n'kakang'ono kapena kopanda phindu. Kobiriwira kapena kakuda kakalamba.

Siyanitsani ndi zotupa za minyongolotsi ing'onoing'ono ya m'dothi, zomwe zimaoneka pa tomato ndi fodya. Kambulu kabwino kamamatirira pambali pa muzu ndipo kamathothoka ndi chala. Chotupa cha matenda ndi muzu weniweniwo umene wafufuma.

Mtedza, nandolo ndi khobwe zimagwirizana ndi mabakiteriya opezeka kale m'dothi lathu. Mitundu yambiri ya soya imafuna inokyulanti, mabakiteriya opaka pa mbewu musanadzale, amene amafa akasiyidwa padzuwa, choncho mbewu yopakidwa iume pamthunzi n'kudzalidwa tsiku lomwelo. Feteleza wa nayitirojeni wambiri amachepetsa timibulu, popeza mbewu siilipira chomwe yapeza chaulere. Dziwaninso kuti si mtengo uliwonse wobala ngati nyemba umene umachita zimenezi. Gliricidia, jerejere ndi ombwe zimatero, koma keshya satero, ndipo mitengo ikuluikulu ya miombo monga mombo ndi mchenga nayonso sitero.

Nanga miombo imakhala bwanji pa dothi losauka, ndipo bwanji imavuta kudzala?

Mombo, mchenga ndi msuku zili paubale ndi bowa. Ulusi wa bowa umakuta nsonga za mizu n'kufalikira m'dothi kutali kuposa pomwe mizu ingafike, n'kumabweretsa fosiforasi ndi madzi. Ndelema ndi manyame zimene amayi amazula m'dzinja ndi zipatso za ulusi umenewu. Nkhalango ikatha, bowa wamtunduwu amathanso, ndipo sungamulime pa utuchi ngati bowa wa oyisitara. Utale ndi wosiyana: mnzake ndi chiswe, osati mtengo.

Pa nazale, mbande za msuku zimakula bwino mukasakaniza m'machubu dothi lotengedwa pansi pa misuku ikuluikulu. Mungayese nokha: machubu 20 a dothi lotero ndi 20 a dothi la m'munda, osakanizidwa malo pa bedi limodzi.

Mbande za miombo zimaoneka ngati sizikukula chifukwa zaka zoyamba mphamvu zimapita kumizu. Kamtengo kamauma pamwamba m'chilimwe n'kuphukanso, mobwerezabwereza, pamene pansi muzu ukunenepa. Kamene mukukayesa mbande ya chaka chino kakhoza kukhala ndi zaka zambiri. Fukulani pang'ono m'mbali muone. Njere zake sizipita patali, zimangothetheka kuchokera m'makoko, ndipo sizikhalitsa m'dothi. N'chifukwa chake nkhalango ya miombo imabwerera msanga kuchokera ku zitsa ndi mizu kusiyana ndi mbande zodzala. Pamene zitsa zilipo, kuteteza ndi kupatulira mphukira kumaposa kudzala. Pamene zitsa zinazulidwa, ntchito ndi yaikulu.

Masamba ofiira a miombo a mu Seputembala amatuluka mvula isanagwe, pogwiritsa ntchito chakudya ndi madzi osungidwa m'mizu ndi m'thunthu. Amabiriwira akakhwima.

Kodi moto ndi woipa nthawi zonse?

Chofunika ndi nthawi yake. Mayeso otchuka a nkhaniyi anayamba mu 1933 ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo katswiri wa zomera Colin Trapnell anafalitsa zotsatira zake mu 1959. Ndime zina ankaziotcha kumayambiriro kwa chilimwe, zina kumapeto, zina osaotcha konse. Moto wakumapeto, wobwerezedwa chaka ndi chaka, unapha mitengo yambiri ya miombo n'kusiya udzu ndi mitengo yopirira moto ngati mlombwa. Moto woyambirira unasiya nkhalango ili chilili. Kosaotcha kunawirira, n'kulowa mitengo yosapirira moto.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mu Meyi ndi Juni udzu ukadali ndi chinyezi, moto umayenda pansi n'kusiya zigamba zosapsa. Mu Okutobala udzu wauma gwa, kuli mphepo, ndipo mitengo yangotulutsa masamba atsopano ndi chakudya chomwe inasunga. Kuletsa moto kwa zaka zingapo kenako n'kulephera mu Okutobala kumaononga koposa, chifukwa udzu wouma umakhala utaunjikana. Poyeza zotsatira za moto, lembani tsiku, msinkhu womwe masamba afika powauka, ndipo muwerenge mphukira mvula ikagwa, osati sabata yotsatira pamene zonse zimaoneka zakufa.

Kaufiti amadziwa bwanji kuti pali chimanga?

Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, chomera chimodzi chimabala masauzande ambiri, ndipo zimatha kukhala m'dothi zaka zoposa khumi. Sizimera ndi mvula yokha. Zikanyowa kwa sabata imodzi kapena ziwiri, zimadikira timadzi tina totuluka m'mizu ya chimanga, mapira kapena mawere. Zikamera, ziyenera kugwira muzu m'masiku ochepa, apo ayi zimafa. Kaufiti amayamwa chimanga kwa masabata angapo ali pansi, choncho pamene maluwa ake ofiira akuoneka, zambiri zaonongeka kale.

Chimanga chanjala chimatulutsa timadziti tambiri, chifukwa ndi tomwe mizu imaitanira bowa wothandiza kupeza chakudya. Apa ndi pamene pali mgwirizano wa kaufiti ndi nthaka yoguga. Soya, mtedza ndi thonje zimameretsa njere za kaufiti wa chimanga koma iye sangaziyamwe, ndiye kasinthasintha amachepetsa njere m'dothi pang'onopang'ono. Chaka chimodzi sichikwanira. Zulani kaufiti asanachite maluwa; wamaluwa muotcheni, chifukwa amatha kukhwimitsa njere ali wozulidwa. Powerenga, gwiritsani timandime ta mita imodzi monga tafotokozera pa funso la ndime, pakatha masabata 10 mpaka 12 chidzalireni, ndipo tsukani khasu pochoka m'munda wina kupita wina.

Mkungudza wa ku Mulanje ukutha chifukwa cha kudula kokha?

Kudula ndiko kwakukulu, popeza matabwa ake ndi onunkhira ndipo chiswe sichiwadya. Mtengowu, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, umamera mwachilengedwe pa phiri la Mulanje pokha, ndipo kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo yokhwima 7 yokha. Koma kakhalidwe kake kamawonjezera vuto. Mbande zake zimafuna kuwala ndi dothi loyera, choncho sizimera mumthunzi wa nkhalango yowirira. Zimamera m'mphepete, momwenso moto wa alenje umadutsa, ndipo mtengo waung'ono supirira moto. Paini wochokera ku Mexico amene anadzalidwa paphiripo anafalikira n'kulanda malo otseguka omwewo, ndipo nsabwe za mitengo ya mtundu wa saipuresi zimene zinafika m'ma 1980 zinafooketsa ina. Mbande zambirimbiri zadzalidwanso ndi mabungwe monga Mulanje Mountain Conservation Trust ndi Forestry Research Institute of Malawi. Muyezo woyenera wa ntchito yotere si mbande zodzalidwa, koma zamoyo pakatha chilimwe chachitatu.

Bwanji namasupuni amachuluka chonchi mu Shire?

Kwawo ndi ku South America, ndipo kuno anabwera opanda tizilombo tomudya. Amaberekana ndi mphukira zoyandama, ndipo m'madzi ofunda okhala ndi zakudya zambiri amatha kuwirikiza kawiri m'masabata awiri. Dothi ndi feteleza zokokoloka m'minda komanso zonyansa za m'matauni zimamunenepetsa. Kumuvuula pa Liwonde kumateteza makina amagetsi a ku Nkula, koma gwero lili kumtunda. Poyesa, ikani zomera zitatu zofanana m'ndowa iliyonse, zina za madzi a pamjigo, zina zothira feteleza pang'ono, n'kuwerenga masamba sabata iliyonse. Mukamaliza ziumitseni n'kuziotcha, musazitaye mumtsinje.

Ndapeza chomera chomwe sindikuchidziwa dzina. Nditani?

Chipatseni nambala, n'kupitiriza ntchito ndi nambalayo. Dulani kanthambi ka masentimita 30 kokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso. Udzu ndi zitsamba zazing'ono zitengeni ndi mizu yomwe. Masamba okha nthawi zambiri sakwanira. Yalani pakati pa nyuzipepala, tembenuzani tsamba limodzi kuti kunsi kuoneke, panikizani ndi matabwa awiri ndi njerwa, ndipo sinthani nyuzipepala tsiku lililonse kwa masiku oyamba. M'dzinja mukachedwa kusintha, zimachita nkhungu n'kuda. Lembani malo, tsiku, dothi, msinkhu wa chomera, mtundu wa maluwa, fungo ndi utomoni, chifukwa zimenezi zimatha chikauma.

Dzina lachikuda lilembeni pamodzi ndi chiyankhulo ndi dera, popeza dzina limodzi limatha kuimira mitengo ingapo, ndipo mtengo umodzi umasintha dzina pakati pa Dedza ndi Mangochi. Mapulogalamu a pafoni ozindikira zomera amaphonya kwambiri pa zomera za kuno. Kotsimikizira ndi ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, kumene amasunga zomera zouma zofananitsira.

Kodi pamafunika chilolezo? Ndipo maphunziro amenewa amapezeka kuti?

Pa malo a mudzi yambani ndi a mfumu ndi komiti ya zachilengedwe, ndipo kumanda musalowe popanda eni ake. M'nkhalango za boma chilolezo chimachokera ku nthambi ya zankhalango, m'malo osungira nyama monga Nyika ndi Liwonde ku nthambi ya zanyama zakutchire. Kutumiza zomera kapena njere kunja kwa dziko kuli ndi malamulo akeake.

Maphunziro amapezeka ku koleji ya Bunda pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR, ku University of Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ndi ku koleji ya zankhalango ndi zanyama ya ku Chongoni m'boma la Dedza.

Kafukufuku wotere amatenga nthawi yaitali bwanji?

Kameredwe ka njere kamayezeka m'masabata awiri kapena atatu: magulu anayi a njere 25 pa nsalu yonyowa, kuwerenga zomera tsiku lililonse. Mayeso a mbewu za m'munda amafuna nyengo zosachepera ziwiri kapena zitatu, chifukwa chaka cha ng'amba ndi chaka cha mvula yambiri zimapereka mayankho osiyana. Kuwerenga mitundu ya zomera kumafuna maulendo awiri, wa mu Febuluwale pamene udzu ndi zitsamba zili ndi maluwa, ndi wa mu Okutobala pamene mitengo yambiri ikuphuka ndiponso timaluwa ta palupsa tatuluka. Za mitengo ndi moto zimafuna zaka zisanu kupita m'tsogolo.

Pa ndime zokhalitsa, zikhomo zamtengo zimadyedwa ndi chiswe kapena kupsa, ndipo zachitsulo zoonekera zimazulidwa. Khomani kachitsulo mpaka kalowe m'dothi pa ngodya iliyonse, lembani manambala a GPS, yezani mtunda kuchokera pa mwala kapena mtengo wodziwika, ndipo jambulani chithunzi mutaima pangodya imodzimodzi chaka chilichonse. Zolemba zikhale m'makope awiri osungidwa m'nyumba zosiyana, ndipo tsamba loyamba lifotokoze kayezedwe konse kuti wodzabwereza pambuyo panu adzayeze chimodzimodzi.